Mafupa a anthu akale a m'mbali mwa nyanja: amaulula chiyani za chakudya ndi ntchito?

Yamikani: Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni. Akatswiri ofukula zakale akapeza mafupa a munthu amene anamwalira zaka 6000 zapitazo m'mbali mwa nyanja yamchere, amati amatha kunena kuti uyu ankadya nsomba, uyu ankadya za kumtunda, uyu anali wopalasa bwato. Amadziwa bwanji? Fupa ndi fupa basi. Komanso munthu wokhala pagombe n'zodziwikiratu kuti ankadya nsomba, nanga kuyezako n'kofuniranji?

Nankhoma: Achimwene, nkhani yeniyeni ili pa funso lanu lachiwirilo, koma ndiyambe ndi loyambalo. M'fupa muli kolajeni, amene thupi limamupanga kuchokera ku zakudya zomanga thupi zomwe munthu wadya. Mu kolajeniyo muli kaboni ndi naitrojeni. Kaboni alipo wopepuka, wa 12, ndi wolemererapo, wa 13. Zamoyo za m'nyanja yamchere zimakhala ndi wolemererapoyo wochuluka pang'ono kuposa tirigu, zipatso kapena nyama yodya masamba a kumtunda. Ndiye amadula kachidutswa ka fupa kosakwana galamu imodzi, n'kusungunula mbali yolimbayo ndi asidi, kolajeni wotsalayo n'kumuwotcha m'makina oyezera. Makinawo amapereka nambala yosonyeza kuchuluka kwa kaboni wolemererapoyo. Munthu wodya za kumtunda zokhazokha nambala yake imatuluka cha pa -20 kapena -21. Wodalira nyanja kotheratu imafika cha pa -12 kapena -13. Wosakaniza amagwera pakati.

Naitrojeni nayenso ali ndi zake. Chamoyo chikadya chinzake, naitrojeni wolemera amakwera ndi 3 mpaka 5. M'nyanja kudyana kumapita patali: tizomera timadyedwa ndi tizilombo, tizilombo ndi tinsomba, tinsomba ndi nsomba zazikulu, izo ndi akatumbu a m'nyanja (nyama zotchedwa seal pa Chingerezi). Munthu amene ankadya akatumbuwo nambala yake imakhala pamwamba kwambiri, kuposa wotola nkhono m'miyala.

Yamikani: Ndiye kuti fupalo limasonyeza chakudya chimene anadya asanamwalire?

Nankhoma: Ayi, osati cha tsiku lomaliza. Fupa lili ngati nyumba imene eni ake amachotsa njerwa imodziimodzi n'kuikapo yatsopano kwa moyo wawo wonse. La m'ntchafu limasintha pang'onopang'ono, choncho limasunga za zaka 10 kapena kuposa. Nthiti imasintha msanga, imanena za zaka zochepa zomalizira. Dzino likangopangika silisinthanso, ndiye limasunga za ubwana. Mukayeza dzino ndi nthiti za munthu mmodzi n'kupeza kuti zikusiyana, mwadziwa kuti anasintha kadyedwe kapena anasamuka.

A Mbewe: Aphunzitsi Nankhoma, mwafotokoza bwino koma mwasiya chimene chimasokoneza zonsezi. Chimanga, mapira ndi mawere zimakhalanso ndi kaboni wolemererapoyo wambiri. Munthu wa ku gombe la Peru amene ankalima chimanga, kaboni wake angafanane ndi wa msodzi. Komanso kumalo ouma kwambiri naitrojeni wa nyama za kumtunda amakwera yekha, ndipo munda wothiridwa ndowe kapena zitosi za mbalame za m'nyanja umakwezanso naitrojeni wa mbewu. Mwana woyamwa naye nambala yake imakwera ndi 2 kapena 3 kuposa ya mayi ake, chifukwa akudya zochokera m'thupi la munthu. Ndiye wosasamala angatiuze kuti khanda la miyezi isanu ndi itatu linali mlenje wa akatumbu.

Nankhoma: N'chifukwa chake wodziwa ntchito sayeza munthu yekha. Amayezanso mafupa a nsomba, a mbawala, a agalu, a chilichonse chopezeka pamalo omwewo cha nthawi yomweyo, kuti adziwe poyambira. Popanda zimenezo nambala ya munthuyo ilibe tanthauzo. Ndipo kaboni ndi naitrojeni amaziwerenga limodzi: chimanga chimakweza kaboni koma naitrojeni n'kukhala pansi, pamene nsomba zimakweza zonse ziwiri.

Chisomo: Ine ndiyankhe lachiwiri lija, loti wa pagombe ndiye kuti ankadya nsomba. Mu 1981 Henrik Tauber wa ku Denmark anayeza mafupa a anthu akale a kumeneko. Alenje ndi asodzi akale, omwe anasiya milu ikuluikulu ya zigoba ngati ya ku Ertebølle, anapezeka kuti ankadalira nyanja kwambiri. Koma ulimi utafika cha m'ma 4000 BC, mafupa a anthu otsatira anasonyeza za kumtunda. Mu 2003 Michael Richards, Rick Schulting ndi Robert Hedges anapeza zofanana ku Britain: alimi oyambirira, ngakhale amene anaikidwa m'manda pafupi penipeni ndi nyanja, nsomba sizinkaoneka m'mafupa awo. Nyanja ili pakhomo, anthu atembenukira ku ng'ombe, nkhosa ndi tirigu.

Yamikani: Zodabwitsa zedi. Anasiyiranji? Nsomba zinatha?

Chisomo: Nsomba zinalipo. Ena amati kunabwera anthu atsopano ndi kadyedwe kawo, ndipo kafukufuku wa DNA wa m'zaka zaposachedwapa wasonyezadi kuti alimi oyambirira a ku Britain makamaka anali obwera kuchokera kutsidya kwa nyanja, ku maiko ena a ku Ulaya. Ena amati mwina nsomba zinayamba kusalidwa. Ine ndimatsamira kwa oyambawo.

A Mbewe: Nkhani imeneyo inatsutsidwa, mwana wanga. Pa kafukufuku wa 2003 uja, alimi amene anayezedwa anali 164, koma alenje a nthawi ya m'mbuyo anali 19 okha. Anthu 19 kuimira zaka masauzande! Nicky Milner ndi anzake analemba mu 2004 kuti milu ya zigoba ya ku Denmark inapitirira kukula ngakhale ulimi utafika, ndiye amene ankadya nkhonozo anali ndani? Komanso ngati za m'nyanja zili gawo laling'ono chabe la chakudya, kolajeni sazionetsa bwino. Ndipo musaiwale kuti amene anaikidwa m'manda a miyala ikuluikulu mwina sanali anthu wamba.

Chisomo: Zoona, kunena kuti sankakhudza nsomba n'komwe kungakhale kuwonjeza. Koma kuchoka pa kudalira nyanja kufika poti siikuonekanso m'fupa, kusintha kumeneko ndi kwakukulu ndithu, bambo, ngakhale titachotsera zonse mwanenazo.

Tadala: Pali chitsanzo cha ku South Africa chimene ndimachikonda kuposa za ku Ulayazi. John Parkington ananena mu 1972 kuti alenje akale a kumadzulo kwa Cape ankasamuka ndi nyengo: nthawi yozizira kugombe, nthawi yotentha kumapiri. Ganizo lomveka ndithu, ndipo analitenga pa zimene anafukula m'mapanga. Judith Sealy ndi Nikolaas van der Merwe atayeza mafupa m'ma 1980, anapeza kuti a kugombe ndi a kumtunda nambala zawo zikusiyana. Akanakhala anthu amodzi ongozungulira, zikanafanana. Mkangano wake unatenga zaka.

Koma chokoma kwambiri ndi cha 2006. Sealy anayerekeza anthu oikidwa ku Robberg, pafupi ndi Plettenberg Bay, ndi a m'phanga la Matjes River. Malo awiriwa atalikirana makilomita 14 okha, pakati pali mathiriro a mtsinje. Anthu a nthawi imodzi, pakati pa zaka 4500 ndi 2000 zapitazo, gombe limodzi. A ku Robberg naitrojeni wawo anali pamwamba, monga anthu odya akatumbu ndi nsomba zazikulu. A ku Matjes River ankasakaniza nkhono ndi za kumtunda. Mtunda woti munthu angayende m'mawa umodzi, koma kadyedwe n'kusiyana kwa mibadwo yambiri. Zikusonyeza kuti panali malire, gulu lililonse ndi dera lake. Zida za miyala zokha sizikanatiuza zimenezi momveka chonchi.

Yamikani: Imeneyi yandigwira mtima. Ndiye fupa laulula za malire a dziko, osati za m'mimba zokha.

Nankhoma: Ku Greenland kunachitika zotembenuza za ku Britain zija. Anthu ochokera ku Iceland anafika cha m'ma 985 ndi ng'ombe ndi nkhosa zawo. Kale ankanenedwa kuti anatha chifukwa cha liuma, kukana kuphunzira kudya za m'nyanja. Jette Arneborg ndi anzake atayeza mafupa awo, anapeza kuti poyamba za m'nyanja zinali pafupifupi 20 peresenti, koma chakumapeto, m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, ena zinafika mpaka 80 peresenti, makamaka akatumbu. Anasintha ndithu. Kutha kwawo kufunika kukufotokoza mwina.

Yamikani: Za chakudya ndamva. Nanga za ntchito?

Tiyamike: Apa ndilowepo ine wa kuchipatala. Pali chizindikiro chimodzi chimene timachiona ngakhale kwa amoyo. Munthu akamalowa m'madzi ozizira kawirikawiri kwa zaka zambiri, m'ngalande ya khutu mumamera tizotupa ta fupa. Timakula pang'onopang'ono mpaka kutseka njira, madzi n'kumatsakamira, khutu n'kumatukusira, ena mpaka kusiya kumva bwino. Masiku ano timapezeka kwambiri mwa anthu osewera pa mafunde. Madzi amene amayambitsa kwambiri ndi ozizira kuposa madigiri 19. Popeza ndi fupa, munthu akafa timatsala pachibade.

Tadala: Ndipo ku Chile n'kumene anawerenga bwino tizotupa timeneti. Anthu a Chinchorro, a kufupi ndi Arica m'mphepete mwa chipululu cha Atacama, aja amene ankaumitsa mitembo yawo kuyambira cha m'ma 5000 BC, zaka pafupifupi 2000 Aiguputo asanayambe. Nyanja ya kumeneko ndi yozizira chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanjamo otchedwa Humboldt. Vivien Standen ndi Bernardo Arriaza anapeza kuti tizotupato tinali tambiri mwa anthu a kugombe kuposa a m'zigwa ndi kumapiri, ndipo timapezeka kwambiri mwa amuna. Pamalo omwewo pali mbedza zosema kuchokera ku zigoba ndi minga, ndipo m'zotsalira za m'mimba mwawo munapezeka mazira a njoka za m'mimba zimene zimabwera ndi nsomba zosapsa. Zonse zikuloza kumodzi.

A Mbewe: Pamenepo ndikuvomera chifukwa umboni ndi wambiri. Koma khutu palokha ayi. Erik Trinkaus anawerenga zibade za anthu a mtundu wakalekale umene unatha, wa Neanderthal, mu 2019 napeza tizotupa timeneti mwa pafupifupi theka la iwo, ena okhala kutali ndi nyanja, monga wa ku phanga la Shanidar ku Iraq. Nawonso anali olowa pansi pa nyanja kukatola nkhono?

Tiyamike: Mtsinje wozizira umachitanso zomwezo, bambo, ndipo mphepo yozizira ikamaomba khutu lonyowa imawonjezera. Khutu limangonena kuti madzi ozizira ankalowamo kawirikawiri. Silinena ngati munthuyo ankasodza, ankaoloka kapena ankangosamba. Chinanso, madzi ofunda sachita zimenezi kwenikweni, ndiye wolowa pansi pa nyanja ya kumalo otentha angagwire ntchitoyo moyo wake wonse khutu lili losalala.

Yamikani: Nanga za wopalasa bwato zija? Ndinamva kuti amaona pamene minofu imagwira fupa.

Chisomo: Pali njira ziwiri, ndipo sizodalirika mofanana. Yoyamba ndiyo mwanenayo, kuona mokhakhala pamene mnofu kapena mtsempha umalumikizana ndi fupa. Charles Merbs analemba mu 1983 za anthu a Sadlermiut a pachilumba cha Southampton ku Canada, amene anatha ndi matenda m'nyengo yozizira ya 1902 mpaka 1903. Amuna anali ndi nyamakazi m'zigongono ndi m'mapewa yogwirizana ndi kuponya mkondo ndi kupalasa, akazi mano akutsogolo operepeseka ndi ogweruka chifukwa chofewetsa zikopa ndi mano. Pambuyo pake iye ndi Diane Hawkey anafotokoza za dzenje limene limakumbika pa fupa la pakati pa phewa ndi chifuwa mwa opalasa. Ubwino wake unali woti moyo wa anthu a kumeneko unalembedwa ndi amene anawaona, ndiye panali poyerekezera.

Vuto linabwera ena atayamba kutenga zizindikiro zomwezo n'kumazimata paliponse. Ku Coimbra ku Portugal kuli mafupa a anthu 505 amene anamwalira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, odziwika zaka zawo ndi ntchito zawo. Atayesa njirayi pa iwo, chimene chinaoneka kwambiri si ntchito ayi, koma ukalamba. Nkhalamba ya mu ofesi imatha kukhala ndi mafupa okhakhala kuposa mnyamata wonyamula katundu. Kukula thupi ndi chibadwa nazonso zimalowererapo.

A Mbewe: Ndi zimene ndimanena nthawi zonse. Ukapita kosungira zakale upeza alemba pansi pa mafupa kuti uyu anali msodzi. Msodzi anawauza ndani? Chifukwa choti anamupeza pafupi ndi madzi ndipo phewa lake ndi lotha. Wosinja, wosema, woponya miyala, onse phewa limatha.

Chisomo: Pamenepo tili limodzi. Njira yachiwiri ndiyo yabwinoko: kuyeza kuchindikala ndi kaumbidwe ka fupa lalitali mkati mwake, ndi sikani. Fupa limalimba molingana ndi katundu amene limasenza, makamaka pa unyamata. Jay Stock ndi Susan Pfeiffer mu 2001 anayerekeza alenje akale a ku South Africa ndi anthu a pazilumba za Andaman. A ku South Africa, oyenda mitunda italiitali m'miyala, anali ndi miyendo yolimba kwambiri. A ku Andaman, osambira ndi kupalasa, mphamvu inali m'mikono. Koma taonani, apa akuyerekeza gulu ndi gulu, osati kuloza munthu mmodzi n'kumupatsa ntchito.

Tadala: Ngakhale pa Mary Rose, sitima yankhondo ya ku England, akatswiri amasamala, chonsecho ndi pamene zinthu zili poyera kuposa kwina kulikonse. Inamira pa 19 July 1545 pafupi ndi Portsmouth, inavuulidwa mu 1982, ndipo munapezeka mafupa a anthu osachepera 179, pamodzi ndi mauta oposa 130. Ann Stirland anapeza kuti ambiri nsonga ya fupa la phewa sinalumikizane monga imachitira munthu akakula, kuposa mmene zimapezekera mwa anthu ena. Anaganiza kuti ndi chifukwa chokoka uta wolimba kuyambira ubwana. N'zomveka, mauta ali pomwepo. Komabe vutoli ena amakhala nalo osagwirapo uta.

Yamikani: Kkkk ndiye chakudya fupa limanena molimba mtima, ntchito limangong'ung'udza.

Nankhoma: Mwina ntchito imaoneka bwino kudzera m'chakudya momwemo. Ku Herculaneum ku Italy, phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD, anthu pafupifupi 300 anafera m'tizipinda ta pagombe momwe anathawira. Onse anafa tsiku limodzi, zimene sizichitika ndi manda wamba pomwe anthu amasiyana mibadwo. Mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya York anayeza anthu akuluakulu 17 mwa iwo ndi njira yatsopano yophwanya kolajeni m'tizigawo take n'kuyeza kalikonse payekha. Amuna anapezeka kuti ankadya za m'nyanja ndi za tirigu zambiri kuposa akazi, pamene akazi ankapeza zambiri ku ziweto, masamba ndi zipatso. Mudzi umodzi, mwina nyumba zomwezo. Kaya amunawo ndi amene ankagwira ntchito kunyanja, kaya ankangokhala ndi mwayi wodya zodula, kusiyanako kulipo.

A Gama: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zonsezi n'zanzeru, koma amene mukuwadula tizidutswawa ndi anthu. Anaikidwa m'manda ndi abale awo akulira. Anawapempha ndani?

Tiyamike: Agogo, funso lanulo si lachilendo kwa akatswiriwo, ndipo mbiri yawo pa nkhaniyi si yoyera. Mafupa ambiri a m'nyumba zosungira zakale anatengedwa nthawi ya atsamunda popanda chilolezo cha wina aliyense.

Tadala: Nkhani yodziwika ndi ya munthu wa ku Kennewick. Mafupa ake anapezeka mu 1996 m'mbali mwa mtsinje wa Columbia ku America, a zaka pafupifupi 8500. Mitundu ya eni nthaka inati ndi kholo lawo, aikidwe, potsata lamulo la 1990 lobwezera mafupa. Akatswiri ena anapita kukhoti kuti amuyeze, ndipo anapambana. Poyeza anapeza kuti ankadya kwambiri zochokera kunyanja, ngakhale anafera makilomita mazana angapo kuchokera kugombe, ndipo ena anagwiritsa ntchito maonekedwe a chibade chake kunena kuti sanali wa mitundu imeneyo. DNA ya mu 2015 inasonyeza kuti eni nthaka aja ankanena zoona. Anaikidwa mu February 2017.

A Gama: Zaka zoposa 20 munthu ali m'kabati kuti atsimikize zimene abale ake ananena tsiku loyamba.

Chisomo: Ndi choncho, agogo, ndipo sindingaziikire kumbuyo. Ndingowonjezera kuti mafupa ambiri a kugombe masiku ano safukulidwa mwadala. Mafunde akugumula magombe, ena amatulukira pomanga nyumba kapena msewu. Pamenepo chofunika ndi choti adzukulu awo, ngati akudziwika, anene okha ngati kuyeza kuchitike asanaikidwenso. Alipo amene amavomera, chifukwa nawonso amafuna kudziwa.

A Gama: Akavomera eni ake ndilibe mawu. Koma afunsidwe fupa lisanadulidwe, osati lipoti litatuluka kale.

Yamikani: Funso lina. Zaka zimene mukutchulazi, 4500, 8500, kudya nsomba sikuzisokoneza? Poti zonse ndi kaboni yemweyo.

Nankhoma: Kumasokoneza kwambiri, mwafunsa bwino. Zaka amaziwerenga ndi kaboni wina, wa 14, amene amachepa pang'onopang'ono chamoyo chikafa. Kaboni wa m'nyanja ndi wokalamba kale, chifukwa madzi a pansi amakhala zaka mazana ambiri asanakwere pamwamba. Nsomba yogwidwa lero ikayezedwa imaoneka ngati inafa zaka pafupifupi 400 zapitazo, ndipo kumalo ena n'kuposa pamenepo. Munthu wodya nsomba amatengera ukalamba umenewo. Ndiye uyenera kudziwa kaye kuchuluka kwa za m'nyanja zimene ankadya, kenako n'kukonza zaka zake. Ku Greenland kuja anachita zomwezo, apo ayi anthu ena akanaoneka ngati anafa ochokera ku Iceland aja asanafike m'dzikolo n'komwe.

Tadala: Ndiponyeko chomaliza changa. Pa tizilumba ta Téviec ndi Hoëdic ku Brittany, France, pali manda a alenje ndi asodzi amene banja la Péquart linafukula chakumapeto kwa m'ma 1920 ndi m'ma 1930. Schulting ndi Richards atayeza mu 2001, anapeza kuti akazi, makamaka achitsikana, mafupa awo anali ndi za m'nyanja zochepa kuposa amuna. Iwo anati mwina akaziwo anakulira kumtunda n'kudzakwatiwa kugombe, ndipo anamwalira fupa lisanasinthe mokwanira.

A Mbewe: Kapena ankangopatsidwa chakudya china, ngati a ku Herculaneum aja. Nambala zomwezo, nkhani ziwiri.

Nankhoma: Zikanakhala choncho, akazi achikulire nawonso akanakhala pansi mofanana ndi atsikanawo. Poti achikulire akuyandikira kwa amuna, za kusamukazo zikumveka. Choweruza bwino ndi dzino: strontium, mchere wina wopezeka m'dzino, amachokera m'nthaka ndi m'madzi a kumene munthu anakulira, ndiye ngati anabadwira kumtunda, dzino ndi nthiti zidzatsutsana.

A Mbewe: Bola kumtundako miyala yake ikhale yosiyana ndi ya kugombe. Ikafanana, dzinolo silikuthandizani.